Njinga ya Boma ndi Khosi la Atate ake Febby

Lachitatu limenelo ndinali ndi matewera a Abel m'beseni, nyemba pamoto, mzere wa pampopi ukundidikira, ndi diresi la Febby loti ndisoke pamene anang'ambira pa waya wa kampu. Ndisanathe ngakhale chimodzi, amuna anga a Ferdinand, mpolisi wa pa Kafue, anafika akukankha njinga yakuda yatsopano, naiimika pakhomo ngati mlendo wolemekezeka.

Anali masiku a Chitaganya, ndipo tinkagona anayi m'chipinda chimodzi. Boma linafuna kuwasamutsira ku polisi ya kumudzi, cha ku Namwala, kumene kunali nyumba ya zipinda ziwiri ndi malo olima. Koma midzi ya kumeneko ndi yotalikirana, choncho Lachisanu ankayenera kuzungulira bwalo la perete pa njingayo ba Sajeni akuona. Akalephera, malowo atenga ba Titus a khomo linalo, ndipo zipinda ziwirizo azisesa ndi mkazi wawo Audrey.

"Bwanji mwaikankha kuchokera ku ofesi?" ndinafunsa.

"Kusunga matayala."

"Atate ake Febby, ndiyang'aneni. Kupalasa njinga mumadziwa?"

"Malamulo ake ndimawadziwa onse. Belu, nyali, mabuleki, munthu mmodzi pa njinga imodzi. Pa ulalo paja palibe wagwira njinga zambiri kuposa ine."

"Kugwira mwagwira. Munakwerapo?"

Anavula chisoti, nayang'ana m'kati mwake. "Ayi."

"Mayo ine! Ba Sajeni munawauza?"

"Sanafunse."

"Manje Lachisanu mudzachita shani?"

"Ndidzaikankha mwaulemu."

Ndinapukuta manja, ndinabereka Abel, Febby ndinamutuma kwa anzake. Ine njinga ndinaidziwa ndili mtsikana, chisiyireni sukulu, ndikunyamula masamba a atate kuchokera ku Shimabala. Tinapita kuseri kwa kampu, pa kanjira ka kunjanji.

"Kwerani," ndinatero, ndikutambasula dzanja.

"Chotsani dzanja, Amake Febby. Katundu wa Boma."

"Ndingogwira chishalo chabe."

"Chishalo n'cha Boma."

"Keliyala?"

"Wa Boma."

"Ndiye ndikwere ine, muone."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Chabwino," ndinatero. "Njinga sindigwira. Ndigwira imwe. Bweretsani lamba."

"Wa Boma."

"Malaya."

"A Boma. Mabatani omwe."

"Kavuleni, muvale anu."

"Munthu wamba pa njinga ya Boma? Ndiye kuti ndidzimange ndekha."

"Nanga pathupi panu ponsepa Boma linasiyako chiyani?"

Anaganiza nthawi yaitali, akudziyang'ana kuyambira kunsapato. "Khosi."

"Khosi n'lanu?"

"Kuchokera pa kolala kufika pa chisoti."

Anakwera. Ndinawagwira pakhosi monga timagwirira tambala wa pa Khirisimasi.

"Palasani."

"Uyambe mwendo uti?"

"Uliwonse."

"Kulibe uliwonse. Wina uyenera kuyamba."

"Wamanzere, basi! Eya. Winawo. Osayang'ana mapazi, yang'anani kutsogolo!"

Anayang'ana kutsogolo. Miyendo inaima.

"Mwasiyiranji?"

"Mwati ndiyang'ane kutsogolo."

"Zonse pamodzi!"

"Lamulo limabwera limodzilimodzi, Amake Febby. Latsopano likafika, lakale latha."

"Ine ndimaphika, mwana ali kumsana, wina ndikumukalipira, khutu lili kumpopi. Imwe ziwiri chabe zakukanikani?"

"Imwe simunapite ku maphunziro a upolisi."

Tinayambanso. Njinga inayamba kukokera kumanzere, ine ndikukokera khosi kumanja.

"Bwerani pakati pa njira."

"Njinga imayenda kumanzere."

"Kumanzere kuli ngalande."

"Ngalandeyo ndiyo yalakwa."

"Idzapepesa mukagweramo? Khotani, khotani!"

Anachotsa dzanja pa handulo nalitambasula mowongoka ngati mtengo wa mbendera.

"Dzanjalo n'la chiyani?"

"Kudziwitsa a kumbuyo."

"Kumbuyo kuli ine! Ndine ndakuuzani kuti mukhote!"

"Kulinso mbuzi."

Tinagwa tonse atatu, ine, iwo ndi njinga. Abel anangotsegula diso limodzi n'kugonanso. Apolisi a masiku amenewo ankavala kabudula, ndiye bondo loyamba linapita pomwepo. A Ferdinand anadzuka, anapukuta belu ndi mpango, analiza kuti amve ngati lavulala.

"Belu lili bwino," anatero.

"Bondo lanu likutuluka magazi."

"Bondo silidzaimirira pa perete."

"Lidzatsala kunyumba?"

Anaimika njinga, natsokomola. "Amake Febby, chipinda chimodzi si choipa kwenikweni."

"Mwati chiyani?"

"Chimatenthera bwino mwezi wa Juni."

"Chimatenthera imwe, ogona kukhoma. Ine ndimagona phazi la Febby lili m'kamwa. Mlamu wanu akabwera kudzacheza amagona pansi pa tebulo, miyendo panja. Tomato ndimadzala m'chitini. M'chitini, Atate ake Febby, ine mwana wa mlimi! Kwerani."

"Ndikungonena kuti ba Titus njinga amaidziwa kale."

"Ndipo Audrey wayamba kale kusoka makatani a mazenera awiri. Ndawaona pa chingwe. Kwerani!"

Anakwera. Ndinaganiza pang'ono. Munthu ameneyu m'mawa uliwonse amayenda pa perete osaphonya phazi, chifukwa wina amamukuwira. Ndinakoka mpweya, ndinatulutsa mawu a ba Sajeni.

"Lefiti! Raiti! Lefiti!"

Anatembenuka. "Imwe si Sajeni."

"Ndani wakuuzani kuti mutembenuke? Maso kutsogolo! Lefiti! Raiti!"

Msana unawongoka wokha. Phazi linatsika, lina linakwera. Njinga inayenda bwinobwino ngati ya munthu. Ndinathamanga nawo mpaka mpweya unandithera, kenaka ndinasiya khosi.

"Lefiti! Raiti!" ndinakuwa ndili chiimire.

"Amake Febby!"

"Lefiti!"

"Khosi likuzizira!"

"N'mphepo chabe! Raiti!"

Anapitirira, chisoti chili nji, mbuzi zikupatuka. Ndinatsala pang'ono kululutira. Ndiye ndinaona kuti kanjirako kakuthera pa waya wa njanji.

"Imani!" ndinakuwa. "Imani!"

Anaima monga amaimira pa perete. Mapazi pamodzi, manja m'mbali, chifuwa patsogolo. Njinga sinapite ku maphunziro a upolisi. Inapitirira pang'ono, inaganiza, inalowa nawo m'ngalande.

Ndinawapeza chagada m'matope, njinga ili pamwamba pawo, tayala likuzungulirabe.

"Mabuleki munaiwala?"

"Munati imani. Simunati gwirani mabuleki."

"Dzukani."

"Phazi lakodwa m'masipoko. Inyamuleni."

"Chiyani?"

"Njinga."

Ndinakonza nsalu ya Abel, ndinapinda manja. "Katundu wa Boma."

"Amake Febby."

"Chishalo, keliyala, zonse. Ndingakunyamuleni khosi ngati mufuna."

Anayang'ana kumwamba. Matope anali kulowa m'kabudula pang'onopang'ono. Ndinkawaona akusanthula malamulo m'mutu, limodzilimodzi.

"Lilipo lamulo," anatero potsiriza. "Mpolisi akakhala pa mavuto, munthu wamba ayenera kumuthandiza."

"Ngakhale kugwira katundu wa Boma?"

"Ngakhale kugwira."

"Ndiye chiyambire m'mawa muja simunali pa mavuto?"

"Ndinali ndisanalize wenzulo."

"Lizani."

"Ndikaliza kampu yonse ithamangira kuno. Ba Titus patsogolo."

"Lizani pang'ono."

Anafufuza m'thumba la pachifuwa, anaika wenzulo pakamwa, anauzira ngati munthu woziziritsa phala la mwana. Inalira ngati kamwanapiye.

"Ndamva kulira kwa wenzulo," ndinatero. "Kodi pali mpolisi ali pa mavuto?"

"Alipo, mayi."

"Dzina?"

"Amake Febby, matope afika kumsana."

Kuyambira pamenepo zinayenda. Asanakwere ankaliza wenzulo pang'ono, ine n'kugwira chishalo mwalamulo. Mabuleki ndinawasandutsa lamulo lawolawo, "Mabuleki, finya!", ndipo "Imani" ndinamuchotseratu m'kamwa mwanga. Lachinayi tinabwereza tsiku lonse. Za dzanja lodziwitsa mbuzi sindinapambane.

Lachisanu ndinaima kuwaya, Abel kumsana. A Ferdinand anazungulira bwalo milomo ikugwedera, akudzikuwira okha chamumtima. Pokhota anatambasula dzanja, njinga inagwedezeka, ine ndinatseka maso. Nditatsegula anali akadali pamwamba. Anaima pogunda miyala yopaka laimu ya pa mbendera, koma anatsika ndi miyendo yawo, nachita saluti. Ba Sajeni anayang'ana miyalayo, anayang'ana maondo, nati kumudzi kulibe miyala ya laimu, lole yotisamutsa ibwera sabata yamawa. Audrey anachotsa makatani pa chingwe.

Zimene zinapita ndi izi: khungu la maondo onse awiri, batani limodzi la Boma limene tinalifuna m'ngalande osalipeza, nyemba za Lachitatu pamodzi ndi pansi pa poto, ndi mawu anga, amene anasasa mpaka Febby ankandiseka. Matewera anagona m'beseni mpaka ananunkha. Diresi silinasokedwe. Audrey sanandipatsenso moni. Nditaziika zonse pamodzi, ndinaona kuti zipinda ziwiri sizinadule.

Loweruka ndikumanga mbale m'chiguduli, a Ferdinand analowa atanyamula nkhafi paphewa, naitsamiritsa pakhomo.

"Chimenecho n'cha chiyani?"

"Chopalasira bwato."

"Ndikuchidziwa. Chikufuna chiyani m'nyumba mwanga?"

"Kumeneko mvula ikagwa madzi amazungulira nyumba. Chigayo, sitolo, chipatala cha ana, zonse zimatsala kutsidya mpaka dzinja lithe."

Ndinaika mbale pansi. "Bwanji simunanene?"

"Munafunsa za zipinda. Zilipo ziwiri."

"Ndiye muzidzatiwolotsa imwe."

"Ine ndizidzakhala m'midzi, kutsata akuba ng'ombe. Nthawi zina sabata yathunthu."

"Nanga imweyo bwato mumalidziwa?"

"Ine? Mwana wa msodzi? Ndinayamba kupalasa pa Kafue pano ndisanamere mano onse."

"Atate ake Febby, ine madzi opitirira mu ndowa sindiwakhulupirira."

"Mudzazolowera."

"M'bwato sindilowa. M'madzimo muli ng'ona, muli mvuu. Sindilowa, ndanena."

Anavula chisoti, anachipachika pa msomali, nakhala pa mpando mosamala chifukwa cha maondo.

"Mawa tikachoka ku Misa, kumtsinje," anatero. "Ndipo musamatsutsetsutse, Amake Febby. Ine ophunzira amakani sindiwafuna."