Malata a Pansi pa Bedi la Mayi Benedeta

Malemu anabadwa pa 14 Marichi 1961 m'mudzi muno mwa Kaluzi, kufupi ndi Nsaru, ndipo pa ubatizo anapatsidwa dzina loti Benedeta, ngakhale ambirife tinkangowaitana kuti Nambewe. Anali achisamba m'banja la ana asanu. Ine ndikuwerenga mbiriyi ndine mlongo wawo, chitsirizira, amene ndinakulira kumsana kwawo. Akubanja andituma kuti ndinene zoona zokhazokha. Choncho mafumu, bambo mfumu, ndi inu nonse anamalira, chiseko chikakubwererani musachibweze. Malemu sankafuna kuti kanthu kalikonse kawonongeke.

Mu 1969 anayamba sukulu ya mishoni ya kuno, ndipo analekezera Sitandade 6 mu 1975 bambo athu atatisiya. Anzawo a m'kalasi, ena ali pomwe pano, akuchitira umboni kuti pensulo ya malemu ikafupika mpaka kusowa pogwira, iwo ankaisomeka m'kabango n'kupitiriza kulemba. Pensulo yotsiriza ya malemu ndinayambira nayo ine sukulu, ili m'bango momwemo.

Pa 21 Ogasiti 1982 anamanga ukwati woyera ndi bambo Elifasi Kamphinda a ku Mpingu, telala. Mu 1984 banjali linasamukira ku Namitete, kumene a Elifasi anapeza malo osokera pa khonde la sitolo. Anapeza nyumba ya lendi ya chipinda ndi balaza, pa mdadada wa makomo asanu, bafa limodzi, chimbudzi chimodzi. Potsanzika kuno malemu anati akukakhalako zaka ziwiri zokha, kenaka abwera kudzamanga. Zaka ziwirizo, abale anga, zatha dzana.

M'nyumba imeneyo ndi mmene luso la malemu linaonekera. Machesi ankawang'amba pakati ndi lezala kuti kamtengo kamodzi kayatse kawiri. Akamaliza kuphika, makala ankawathira mchenga, mawa n'kuwafukula. Sopo akatsala kachidutswa, ankamumata pa mnzake watsopano, moti a Elifasi amati sopo amene akusambira leroyu ali ndi kachidutswa ka tsiku la ukwati. Mlendo akafika, tiyi ankamwa ndithu, pakuti malemu sankamana munthu, koma shuga ankathira okha kukhitchini, n'kutakasa mwamphamvu kuti phokoso la sipuni limveke pa balaza. Mlendoyo ankangokhulupirira. Masamba a tiyiwo ankayanikidwa pa lichero, kudikira mlendo wina.

Zidutswa za nsalu zogwa pansi pa makina a a Elifasi sizinkapita kudzala. Ana atatu, Mwayi, Sarah ndi Chrispin, anakulira m'zovala za zigamba zokhazokha, moti pa msika wa Namitete mwana wa malemu sankasochera, chifukwa ankaonekera patali. Mayi wina anazindikirapo diresi lake la Khrisimasi pa kolala ya Chrispin. Anawa lero ndi akuluakulu, akuweramitsa mitu apo, koma akudziwa kuti sindikunama.

Tsopano ndinene chimene chinachititsa zonsezi, kuopa kuti ena angabwerere kwawo akuganiza kuti mlongo wanga anali woumira chabe.

Mu Januwale 1986, pa khomo loyandikana nalo panamwalira bambo wina wachikulire, mlonda, wa kutali, wopanda abale pafupi. Eni nyumba a nthawi imeneyo anakaniza kuti thupi lilowe m'nyumba, ati maliro akagonamo palibe adzafunenso kuchitamo lendi. Thupilo linadikira galimoto pansi pa mtengo wa mango, mvula ikuwaza. Malemu anavula chitenje chawo chabwino n'kukafunditsa mkuluyo, ndipo inu mukudziwa tanthauzo la chitenje kwa munthu wong'amba machesi. Atabwerera m'nyumba anauza amuna awo, misozi ili m'maso, kuti iwo maliro awo sadzagona panja, ndiponso sadzatulukira pa khomo la lendi. Adzatulukira pa khomo lawolawo, la nyumba ya malata, kwawo kuno. Lumbiro limenelo ndilo analisenza moyo wawo wonse.

Mu 1987 anayamba kugulitsa zitumbuwa pokwerera minibasi, ndipo chaka chomwecho anagula lata loyamba, n'kulisenza pamutu kudutsa nalo pa msika ngati mbendera. Posowa polisunga, analilowetsa pansi pa bedi. Linali lalitali kuposa bedilo, choncho linkasuzumira kumiyendo, ndipo a Elifasi akhoza kukuonetsani zipsera pa misongolo yawo. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Lata lina linabwera, lina n'kubweranso, ndipo pakati pa lata ndi lata malemu ankayalapo makatoni ndi masaka kuopa dzimbiri. Malo atachepa, sanasamutse malata, anakweza bedi pa njerwa. Kenaka kunabwera chitseko, ndi mafelemu a mawindo, zonse pansi pomwepo. Njerwa zinawonjezeka. Inafika nthawi yoti a Elifasi, bambo aulemu wawo, mkulu wa mphakati, ankakwera pa bedi popondera kampando.

Ndipo malatawo sankakhala chete. Munthu akangotembenuka pa bedi, mdadada wonse unkamva ngati kukubwera mvula ya mabingu, ena mpaka kutuluka kukaanula zovala. Chrispin, mwana wotsiriza, anabadwa mu 1990, chaka chimene malata anayamba kuchuluka. Akuluakulu mwamva. Musandifunsenso chifukwa chake ana ndi atatu okha.

Mu 2012 a Elifasi anaphonya kampando kaja n'kugwa, mwendo n'kubinya. Ku chipatala atafunsidwa anati agwa pa bedi, ndipo anamwino anawayang'ana kawiri, n'kuwalangiza mwaulemu kuti pa msinkhu wawowo asiye kukwera m'mitengo ya mango. Malemu anawasamalira usana ndi usiku ndi chikondi chonse, koma choyamba pofika kunyumba anayamba aona ngati lata lapindika.

Mwina mukudzifunsa kuti nanga zaka zonsezi nyumbayo sinathe bwanji. Yankho lake linali pa bedi lomwelo, pakuti silinkangokwera ayi, linkatsikanso. Mu 1999 Mwayi atasankhidwa kupita ku sekondale, malemu anasolola malata angapo n'kukagulitsa, bedi n'kutsika. Pa njala ya 2002 linatsika mpaka kutsala pang'ono kufika pansi, ndipo phala la malata amenewo silinadyedwe ndi ana awo okha, linadyedwa ndi ana a makomo onse asanu. Sarah atapita ku maphunziro a uphunzitsi, linatsikanso. Ine ndemwe, pamene mkazi wanga anadwala, ndinadya lata. Anthu a pa mdadada sankafunsa kuti banja la a Kamphinda lili bwanji, ankangosuzumira kuchipinda. Bedi likakhala m'mwamba, zinthu zili bwino. Likatsika, ndiye kuti malemu awombola munthu.

Mu 2019 zipupa zinaima pamalo pano, za njerwa zimene anaumba okha pamodzi ndi ana a achemwali awo. Anawo, atayamba kugwira ntchito, anapempha kuti agule malata otsalawo afolere. Malemu anakana kwamtuwagalu, ati ndalama za ana ziphunzitse ana awo, denga lawo ligulidwa ndi zitumbuwa. Tinati chabwino, ndiye tikhome amene alipowo, mbali yotsalayo idikire. Anakananso. Anati lata lokhomedwa labooka, siligulitsika, nanga mdzukulu akadwala mawa adzasolola chiyani? Apo tonse tinangozisiya. Zipupazo zinakhala chapululu, mbuzi za m'mudzi muno zikugonamo ulere, chinthu chimene malemu, munthu wolipira lendi mwezi ndi mwezi, chinkawapweteka mtima kwabasi.

Mu 2023 anayamba kudandaula za chizungulire ndi ludzu losatha. Ku chipatala cha mishoni ku Namitete anawapeza ndi kuthamanga kwa magazi komanso matenda a shuga. A magaziwo anawavomera. Koma a shugawo anatsutsa mpaka kunyumba, kufunsa aliyense kuti shugayo wachokera kuti, poti iwo sanathirepo wokwanira chikwatiwire. Mankhwala ankamwa mokhulupirika, titawaletsa kuwadula pakati.

Kumapeto kwa Novembala chaka chino matenda anakula ndipo anagonekedwa. Apa ndipo mantha anatigwira tonse, chifukwa tinkalidziwa lumbiro lija, ndipo tinkadziwanso kuti nyumba ilibe denga. Iwo eni ankati kwatsala malata awiri okha kuti akwane. Lolemba lapitali anaitana amuna awo, nawagwira dzanja, nawauza kuti ana akula, aliyense waima payekha, palibenso wofuna kuwomboledwa. Mawu awo otsiriza kwa a Elifasi anali akuti, “Tsopano khomani.” Lachiwiri m'mawa, pa 9 Disembala 2025, anatisiya ali ndi zaka 64.

Kunena zoona, tinalibe nthawi yolira bwinobwino. Thupi tinalisiya ku nyumba yachisoni ya chipatala, ife n'kuthamangira kukaphwasula bedi. Lachitatu kutacha, abambo a mphakati ndi anyamata a m'mudzi muno anali pamwamba pa zipupa, pakuti mutu umodzi susenza denga. Wina atati tithamangire misomali ku Nsaru, Sarah anatulutsa zitini zimene zinali kuseri kwa malata, zodzaza misomali imene amayi ake ankatola m'misewu ya Namitete n'kumaiwongola ndi mwala. Msomali sitinagule ndi umodzi womwe. Denga mukulionalo, musadabwe nalo. Lata lina lalitali, lina lalifupi, lina la mizere ikuluikulu, limodzi lobiriwira. Ndi lofanana ndi malaya a Chrispin aja.

Koma malemu sankalakwitsa. Malata anaperewera awiri ndithu, ndipo mpata unatsala pamwamba pa balaza, penipeni pamene bokosi limayenera kugona. Kumadzulo mitambo inali itada bii. Galimoto la thupi linali litanyamuka kale. Ine ndinakhala pansi pa njerwa apo, m'maso mwanga mukubwera mtengo wa mango uja, ndipo ndinalira ngati mwana, poganiza kuti mlongo wanga avumbwa m'nyumba yake yomwe.

Pamenepo ndi pamene tinaona njinga ikubwera, malata awiri ali pakaliyala, akupalasa a Yakobo, eni nyumba ya lendi a masiku ano, mwana wa eni nyumba oyamba aja. Tsiku la mlonda lija iwo anali mnyamata, ndipo zonse anaziona. Atamva m'mawa kuti malemu ankati malata aperewera awiri, anakwera pa denga la nyumba imene malemu ankakhala n'kuzula awiri, nati kumeneko akagulako atsopano. A Yakobo, mwapukuta misozi ya banja lino, ndipo mwapukutanso china chimene chinatsalira kwanu. Komabe poti ndalonjeza kunena zoona, malata munazulawo ndi omwe aja odontha, amene malemu anakupemphani kuti musinthe kuyambira muli ndi tsitsi.

Thupi linalowa m'nyumba denga litatha, ndipo posakhalitsa mvula inagwa. Amayi a kwaya ali mkati moimba, tinamva tho, tho, tho, pambali pa bokosi. A Elifasi anadzuka, nakatenga beseni lakale la malemu, lomata ndi phula, limene lakhala likutchera dontho limenelo zaka zonsezi, nalitchera. Kenaka anatiuza kuti tisavutike n'kumata, mayi asadabwe malo. Tinaseka, anamalira, mpaka kuseka kuja kunasanduka kulira.

Malemu asiya amuna awo, bambo Elifasi Kamphinda, amene tsopano bedi lawo lafika pansi ndipo akuti sakudziwa ngati adzapezanso tulo. Asiya ana atatu, Mwayi, Sarah ndi Chrispin, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, achemwali awo awiri, ndi ine mlongo wawo. Asiyanso zitini, mabotolo ndi mapepala a shuga ochapa bwino, zimene banja ligawa kwa aliyense wofuna, pakuti palibe mwa ife ali ndi mtima woti akazitaye.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino a ku Namitete, bambo mfumu, Amayi Achikatolika ndi a mphakati, mafumu amene atipatsa malo, adzukulu amene akonza nyumba yomaliza, amisiri amene anakhoma denga mimba ili pululu, anansi a pa mdadada amene anapirira mabingu zaka zonsezi, ndi inu nonse mwasiya makasu nyengo ino ya kupalira. Amayi a kumoto, mukamaliza kuphika, zikuni zotsala muzimitse. Mwini wake sanapite patali.

Nambewe, mlongo wanga, nyumba munaigonera pamwamba zaka zonse zija mwaigonamo usiku umodzi wokha. Koma simunagone panja, palibe wabwera kudzagogoda, ndipo posachedwapa mutulukira pa chitseko chanuchanu, monga munanenera. Pitani bwino. Kumene mukupitako sikudontha, ndipo mwezi ukatha safunsa kanthu.

Mzimu wanu uuse mumtendere.