Wotchi Inathamanga, a Noel Ali Gone

Ife nkhalamba zothamanga za ku Horsham tili ndi nthenda imodzi: mphamvu zikatithera mwadzidzidzi pamsewu, timalolera kufa kusiyana ndi kuvomera. Loweruka lina nthendayi inagwira a Noel Haddrick, a zaka 69, atathamanga makilomita 22, alamu awo a Clive akuwatsatira panjinga ndi chikwama cha nthochi ndi maswiti. Akazi awo, a Glenys, anali atanenetsa kuti akadzawatolanso pagalimoto ngati mwezi watha, za marathoni aiwale, nsapato zikaperekedwa kwa ovutika.

"Mwaima," anatero a Clive, akuponda pansi.

"Sindinaime. Ndikuona nkhosa."

A Noel anali atakoleka manja pawaya wa mpanda, mawondo akuombana, maso akuona tinyenyezi dzuwa likuswa mtengo.

"Nkhosa ziti?"

"Izo apozo."

"Imeneyo ndi miyala, alamu. Nkhosa zili kuseri kwa mabulugamu awo. Tiyeni ndikakuonetseni, ndi kilomita imodzi basi."

"Zisiyeni! Ndazikhuta." A Noel anatsokomola pang'ono. "Kodi nthochi ija sikuwonongeka ndi kutenthaku? Bweretsani ndiione."

A Clive anatsegula chikwama, kuitulutsa, kuitembenuza, kuinunkhiza.

"Ili bwinobwino. Yapsa mokoma zedi. Fungo lakelo, eee!" Anaibwezera, zipi n'kutseka.

A Noel anameza malovu omwe analibe.

"Alamu, tiyerekeze kuti munthu wina wamva njala."

"Ndani? Tilipo awiri. Ine ndadya mazira atatu."

"Munthu chabe!"

"Akanadya kwawo."

"Chabwino, ndipatseni nthochiyo."

"Ayi."

A Clive anagwira ntchito ya njanji zaka makumi anayi, ndipo sanalolepo sitima kudutsa chifukwa choti woyendetsa wadandaula. Anasolola kapepala m'thumba, n'kuvala magalasi.

"‘Wotchi yanga isanawerenge makilomita 25, nthochi isatuluke. Ife akale tinkathamanga chosadya.’ Mawu anu a m'mawa uno. Munasaina."

"Ndakumasulani."

"‘Ndikanena kuti ndakumasulani, musamvere.’ Mzere wachiwiri."

"Aise, ndifa pano!"

"‘Ndidzanena kuti ndikufa. Ndi bodza.’ Wachitatu."

Kalanga ine! Mdani wa a Noel anali a Noel omwewo a m'mawa, okhuta tiyi ndi matama. Miyendo inapinda yokha, iwo n'kutsetsereka ndi mpanda mpaka pansi, khu!

"Mwakhala pansi," anatero a Clive, akupisa dzanja kufuna foni. "Achemwali anati mukakhala pansi ndiwaimbire."

"Sindinakhale! Ndikumanga zingwe za nsapato."

"Ndi zomanga kale."

"Ndikuziyang'anira zisamasuke."

A Clive anawerama, nawonso n'kuyamba kuziyang'anira. Panapita mphindi yathunthu, amuna awiri aimvi ali maso tong'o pazingwe.

"Sizikumasuka," anatero a Clive.

Apo m'pamene nzeru inawabwerera a Noel, nzeru ya munthu wopanda shuga m'mutu.

"Alamu, pepalalo likuti awerenge 25 ndani?"

"Wotchi."

"Likutchula miyendo yanga?"

A Clive anawerenga kawiri, milomo ikugwedera. "Silikutchula."

"Ndiye nayi wotchi. Valani. Palasani mpaka pamlatho, mubwerere. Makilomita atatu akwana. Msangamsanga!"

"Msanga bwanji?"

"Ngati mwaiwala kutseka chipata, sitima ikubwera!"

A Clive anatumbuluka nkhope, n'kuliyatsa liwiro. Fumbi litakwera m'pamene a Noel anaona chikwama chikugwedera kumbuyo kwa njinga, chikupita.

Anagona chagada m'ngalande. Ntchentche zinabwera kudzawazonda, khwangwala n'kutera pamtengo wa mpanda, akuwayang'ana ngati akudikira kuti zipse. Manyazi anawagwira, koma mantha ndiye anaposa. Anzawo onse amene anasiya kuthamanga anayamba kulima maluwa, ndipo sipanapite nthawi maluwawo anakawaikira pamanda. A Noel sankafuna khasu. Ankafuna nsapato zawo.

Njinga inabwerera ikulira. A Clive anatsika ali wefuwefu, thukuta kamukamu, masaya akutafuna.

"Yakwana 25."

"Mulungu ndi wabwino. Nthochi!"

"Ndadya."

"Mwatani?"

"Wotchi yalira nditangodutsa pamlatho pobwerera. Mzere wachinayi ukuti: ‘Ikangokwana 25, nthochi idyedwe pomwepo, osachedwa ngakhale mphindi.’ Ndinayang'ana uku ndi uku, inu kunalibe."

"Inakwana bwanji musanafike pano?"

"Ndinapitirira pang'ono. Mabuleki."

"Nanga maswiti?"

A Clive anapukusa mutu mwachisoni. "Alamu, mwandipalasitsa ngati kamnyamata. Mwadzidzidzi miyendo inangoti zii, maso mdima bii, manja kunjenjemera. Ndinaona ngati ndikupita. Pakanapanda maswiti aja! Inu olimba simungazimvetse zimenezi."

"Onse?"

"Latsala pepala lake."

A Noel anatsegula pakamwa kuti atukwane, koma ngakhale kutukwana kumafuna mphamvu. Nthawi yomweyo foni ya a Clive inalira.

"Ndi achemwali."

A Noel anadzutsa mutu m'ngalandemo. Anali ataiwaliratu kuti wotchi imeneyi imatumiza chilichonse pafoni ya a Glenys: mtunda, liwiro, zonse.

"Musawauze kuti ndagona!" ananong'ona. "Chonde, alamu anga abwino, munamize kamodzi kokha m'moyo wanu."

"Ine sindinama. Akafunsa ndinena." Anaika foni kukhutu. "Eee, achemwali... Ali pompano... Eee... Zoona?... Ayi, musalire... Chabwino, ndiwauza."

Anadula foni, n'kuipukuta pamalaya, n'kuibwezera m'thumba mosafulumira.

"Afunsa?"

"Sanafunse."

"Ndiye amalira chiyani?"

"Chimwemwe. Akuti aona pafoni: makilomita atatu m'mphindi zisanu ndi zinayi, mutathamanga kale 22. Akuti muwakhululukire, ankakuyesani nkhalamba."

"Nsapato zanga?"

"Sazikhudza."

A Noel anatseka maso. Misozi ikanatuluka pakanakhala madzi m'thupimo.

"Akutinso galimoto sabweretsa, angakuchititseni manyazi. Apita kwa anzawo. Makilomita asanu ndi atatu otsala kuti mufike kunyumba mumalize nokha."

"Asanu ndi atatu..."

"Komanso akuti marathoni yakucheperani. Akulembetsani mpikisano wa makilomita 50, wa kumapiri uja, mwezi wamawa. Auza kale onse a kukalabu yanu ya othamanga."

Khwangwala uja anasendera pafupi. A Noel anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, kenako anatembenuza mutu pang'onopang'ono.

"Alamu," anatero ndi timawu tating'ono, "makoko a nthochi aja mwataya pati?"