Mabuku Amene Ndinkasunga ndi Loko

Zaka zija Rufunsa atangokhala boma payekha, inu mukali kuyenda opanda kabudula, anatibweretsera laibulale, kachipinda kamodzi ka makabati atatu, ndipo makiyi anapatsa ine chifukwa ndinali ndi jekete. Lero mumalowa muno ndi matope kumapazi n'kumapinda mabuku ngati chitenje, koma nthawi yanga buku linali ngati mkamwini watsopano: kumuonera patali basi.

Bwana wina wochokera ku Lusaka anandiuza kuti, “Ba Mwale, alendo akadzabwera adzapeze mabuku ali oyera.” Ine ndinamva ndithu, ndipo ndinaika lamulo langa pamwamba pake: wa manja akumunda asakhudze buku. Nanga kuno kwathu ndani alibe manja akumunda? Choncho ndinkakhala ndekha tsiku lonse, kupukuta magalasi a makabati, ndikumadzimva kuti ndikutukula dziko.

Tsiku lina kunabwera amake Tisa, mayi wamasiye wa ku Shikabeta, atapalasa njinga kuyambira m'mawa. Mbuzi zawo zinkafa imodziimodzi, ndipo anamva kuti muno muli buku la matenda a ziweto.

“Ba Mwale, ndingoonako dzina la mankhwala chabe,” anatero.

Ndinayang'ana zala zawo, ndinayang'ana bukulo m'galasi, n'kuwauza kuti abwere mawa atasamba. Musaseke ana inu, ine zimandiwawa mpaka lero. Amati safunsa anadya phula, koma mayiwa anafunsa, ndipo phulalo ndinawadyetsa ndine. Sanabwerenso, ndipo khola lawo linatha lonse.

Patapita mvula ziwiri alendo aja anafika ndi magalimoto, azimayi akuvina panja, ndipo ine ndinatsekula kabati monyadira. Buku loyamba linangotsala chikuto m'manja mwanga, m'kati muli dothi lokhalokha. Chiswe chinalowera kumbuyo n'kumaliza zonse, za ulimi, za malamulo, ngakhale dikishonale. Bwana anandiyang'ana ngati sanandionepo, paja mutu ukakula sulewa nkhonya. Pakati pa ovina panali amake Tisa, ndipo anasuzumira pakhomo n'kufunsa mofatsa:

“Ba Mwale, nanga chiswechi chinasamba m'manja?”

Ndiye iwe Chikondi, poti makiyi ali ndi iwe tsopano, ukaona munthu akuzengereza pakhomo, akubisa manja kumbuyo, usadikire kuti apemphe. Nyamuka umufunse chimene chamuvuta kunyumba, ndipo buku umupatse m'manja momwemo.