Dzino langa linatsala m'munda wa kachewere

Abusa, akulu a mpingo, amayi, abambo, ndi inu anzanga akumbuyoko amene mwayamba kale kuseka ndisanatsegule pakamwa, moni nonse m'dzina la Ambuye Yesu. Aleluya! Aa, Ameni wakeyo ngwa anthu ogona ndi njala. Aleluya!

Ndikufuna kuchitira umboni. Koma mukamva kalikhweru ndikamalankhula, musati ndayamba malilime, abusa. Ndi mpata uwu. Dzino limene linali apa linatsala ku Mlangeni.

Mukudziwa kuti ine ndimajambula mavidiyo: maukwati, zinkhoswe, ziliza, choyenda ndi chosayenda chomwe. Ndiye amayi athu a kwaya atafuna kujambulitsa nyimbo zawo, amayi apampando awa ali kutsogoloku anati, "Tikajambulire kwathu ku Mlangeni, kuli mapiri okongola." Tinapita. Kuyambira m'mawa amayiwa anavina, anagwada pamiyala, kukwera phiri, kutsika, ine ndikungoti, "Bwerezaninso, amayi akumapeto mwatsinzina!" Mawondo anasupuka, abale. Mawu anasasa.

Dzuwa lili paliwombo, khadi ya m'kamera inadzadza. Kwa inu osadziwa, khadiyo ndi kanthu kangati chikhadabo, koma zonse tajambula zimakhala m'menemo. Ikadzadza umakhuthulira mu laputopu kuti upitirize ntchito. Ndipo pali malamulo ouma kuposa a Mose. Ikamakhuthula usaigwedeze, usaizule, zonse zingawonongeke. Komanso usafufute khadi usanaone ndi maso ako kuti zalowadi. Tsono laputopu yanga mukuidziwa, ndi nkhalamba, inaona Angoni akufika kuno. Polowera khadi ndimachita kumanga ndi mphira. Munthu akangoyetsemula pafupi, basi yaduka.

Amayi anatsikira kumudzi kukadya ndi kusintha yunifomu. Asanachoke, amayi apampando anandiloza chala: "Iwe, nyimbo imodzi yokha ikasowa, ubwerera wapansi mpaka ku Kandeu." Ine ndinakhala m'mphepete mwa munda wa kachewere. Dzuwa likuwala pagalasi, osaona kanthu, ndiye ndinafunda chitenje chimene anandibwereka amayi apampando omwewa, mutu ndi laputopu zonse mkati. Kamzere kobiriwira kosonyeza kuti zikulowa kanayamba kukwawa. Kukwawa ngati bilimankhwe wodwala nyamakazi.

Chimene sindinkadziwa ndi ichi: akuba anali atakumba kachewere m'munda womwewo, ndipo mwini wake anali atachoka mbandakucha ndi anyamata kukawasaka kutsidya. Tangoganizani, akubwera chimanjamanja, mitima ili pamoto, akuona chinthu chafunda chitenje, chawerama pamzere, manja akugwiragwira pansi.

"Uyooo! Wakuba uyooo!"

Ine kumva, ndinati kaya akunena ndani, Mulungu amuthandize. Ndinangomva mpini wa khasu pamsana, phaa! Mpweya wonse unathawa. Kusuzumira kunja kwa chitenje, anthu! Anthu ngati msika wonse wa pa Kandeu. Taonani, amayi apampando muno akupukusa mutu. Chabwino, chotsaniko theka. Koma wa mpini uja anali wamtali ngati bulugama, pamenepo sindichotsapo kanthu.

Mwendo unati thawa. Mtima unati thawa. Koma kamzere kaja kali pakati. Ndikainyamula laputopu, mawondo onse a amayi aja asupukira chabe. Ndiye ndinagwada, n'kuifungatira ngati nkhuku pamazira, osaikhudza, msana ndapereka kumwamba.

Anandimenya, abale. Anandimenya. Mipini, zibakera, mwala pakhutu ili. Wina anandiponda dzanja ndi gambutsi mpaka chikhadabo chinatumpha. Ndikuti, "Ndine wojambula!" Iwo akuti, "Wojambula kachewere eti? Lero ujambula manda ako!" Ndikuti, "Ndine wa mpingo!" Akuti, "Yudasi anali wa mpingonso!" Kenako mwini munda anafika ndi chibonga. Bambo wa khosi ngati ng'ombe ya pangolo. Chibonga chinandipeza pakamwa, ndipo ndinaona dzino langa likuuluka kupita ku Mozambique popanda chiphaso. Magazi chuu, pachitenje cha eni ake.

Apa musaseke. Anandikoka miyendo, kundichotsa pa laputopu. Wina anabwera ndi tayala n'kundiveka m'khosi. Wa njinga yamoto anatsanulira petulo m'kabotolo n'kundithira, ndinamva petuloyo akutsikira m'malaya, wozizira. Wina akufuula, "Machesi! Ndani ali ndi machesi?" Abale, nthabwala zonse zinandithera. Ndinakumbukira amayi anga ondibala, amene ndinachoka m'mawa osatsanzika. Amayi, pukutani misozi, ndine ndemwe ndikulankhulayu. Pemphero lalitali ndinalibe. Ndinangoti, "Yesu, Yesu, Yesu."

Mwini munda anakweza chibonga kuti aphwanye laputopu. "Tiyambe ndi chida chakechi." Pamenepo ndinaona pagalasi. Kamzere kafika kumapeto! Zalowa! Ndipo inu mundikhulupirire kapena ayi, tayala lili m'khosi, chimene chinandibwerera m'mutu ndi lamulo lija: ona ndi maso ako kuti zalowadi.

Ndinati, "Bambo, munthu wakufa sakanizidwa madzi. Ine madzi sindikufuna. Dinani batani lalitalilo, ndione ntchito yanga, kenako yatsani."

Anandiyang'ana. Anadina ndi chala changati chinangwa. Chinadina mabatani onse, koma Mulungu anasankhapo loyenera.

Nyimbo inaphulika m'munda muja. Amayi athu, zoyera mbee, akuvina paphiri. Wa machesi anaima. Mwini munda anawerama, nasendera pafupi, mphuno kukhudza galasi.

"Aa! Awa akutsogolerawa si alongo anga awa?"

Anayang'ana chitenje chamagazi chija. "Nsalu iyinso ndinawagulira ndine."

Bulugama uja anabisa mpini kumbuyo ngati mwana woba shuga.

Nthawi yomweyo amayi a kwaya anatulukira, atamva phokoso. Kutsogolo amayi apampando, nsapato kumanja. Sanafunse kanthu. Anandivula tayala ndi manja awo, kenako anatembenukira mlongo wawoyo. Abusa, amayi awa mumawaona akukweza manja pano. Ine ndinawaona akuwatsitsa. Chidindo cha nsapato pamutu pa bambo uja, pha! pha! "Chitsiru iwe! Ukanawotcha mwana wa eni! Wakuba amabwera ndi laputopu m'munda?" Bambo wamkulu uja akungoti, "Pepani achemwali, pepani." Akupukusanso mutu amayi apampando. Apa sindichotsapo, mboni zili m'kwayamo.

Anafuna kundinyamula kuti tithamangire kuchipatala. Ndinati dikirani. Ndinatsegula nyimbo iliyonse ndi dzanja lotsalali, imodziimodzi, diso limodzi litatupa. Zonse zinalimo. Palibe inasowa. Pamenepo mpamene ndinalola kukomoka.

Titabwerera kukamaliza kujambula ndili ndi mabandeji, mwini munda ndiye ankandinyamulira chikwama. Analira pamaso pa amayi anga, ndipo tayala lija analidula n'kupanga zomweramo nkhuku. Mukadzaonera nyimbo yomaliza, muone kumbuyo kwa amayi: bambo yemweyo akuvina ngoma ya Chingoni, chibonga chili m'mwamba. Ndi chibonga chomwe chija. Dzino tinalisaka, osalipeza. Odya tchipisi cha ku Mlangeni chaka chino, muzitafuna mosamala.

Abale, petulo anali kale pathupi langa. Machesi anali kale m'manja mwa munthu. Chimene chinagwira dzanja limenelo si ine, si laputopu yanga yokalambayo. Ndikuthokoza Mulungu amene anandisunga, ndi amayi awa amene anandivula tayala. Ndinayenera kulowa muno m'bokosi, ndalowa ndi miyendo yanga.

Tsono imirirani, musangalale nane! Amayi a kwaya, nthungululu! Likhweru musavutike nalo, ndiimba ndekha. Aleluya!