Ndabwera Kuti Andiyese

Pamzere wa ku ofesi ya zamaphunziro, mayi wina wowotcherera zitsulo anaona bambo wa tayi, envelopu kukhwapa, akuyang'anitsitsa ovolosi yake.

"Mayi, mzere uno ndi wa anthu a mapepala. Boma likuika maphunziro onse pa makwerero amodzi, aliyense adziwike pamene ali. Lanu lili kuti?"

"Ndilibe, bambo. Ndawotcherera zaka makumi awiri."

"Ndiye akuikani pansi penipeni."

"Pa wailesi anena kuti luso lophunzirira pantchito nalonso aziliyesa. Ndabwera kuti andiyese."

"Amangolankhula amenewo. Mutaya tsiku pachabe."

"Sabata yatha anandimana ntchito yokonza mageti a sukulu, ati ndilibe satifiketi. Anapatsa munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha. Dzulo anabwera kudzandifunsa poyambira."

"Ndiye munamuuza?"

"Ndinamuuza, nanga si mageti amenewo azidutsapo ana? Koma lero sindichoka pano asanandipatse tsiku la mayeso."

"Nanga mukalephera?"

"Andipatse zitsulo ziwiri ndi moto, bambo. Woyesayo akathyola pamene ndalumikizapo, ndibwerera kwathu ndekha, sachita kundithamangitsa."