Mafuta Akuda a M'chiwaya

Pasiteji ya basi, bambo wina wonyamula chigubu anaima pafupi ndi mayi wokazinga tchipisi.

"Mayi, mafuta otha ntchitowa musamataye, muzindipatsa. Timawasefa n'kupanga dizilo. Kumayiko ena mabasi akuyendera omwewa."

"Basi kuyendera mafuta a tchipisi? Munaiona ndi maso anu?"

"Ndinaona pafoni. Akuti utsi wake umachititsa njala."

"Chaka chatha kunabweranso wina wachigubu ngati inu. Anawasefadi. Kenako ndinakawagula ndekha m'botolo kumsika, ana anga n'kutsegula m'mimba."

"Ine sindine wotero, mayi."

"Chabwino, tsegulani chigubucho. Koma ndithiramo kaye palafini pang'ono. Basi singadandaule."

"Palafini ayi, mayi, awonongeka."

"Awonongekera ndani, bambo? Injini kapena mphika?"