Mendulo ya Mjeremani

Pa siteji ya basi ku Highfields, nesi wina anamva bambo wachikulire akulankhula Chichewa pafoni, macheza n'kuyambika.

"Mwati mwagulitsa mendulo, bambo?"

"Ee, ya Mjeremani. Agogo anga anali mtengatenga pa nkhondo ya ku Karonga. Anabereka msilikali wovulala wa adani mpaka kuchipatala, iye n'kuwapatsa menduloyo."

"Analitu munthu amenewo. Ndiye malonda ayenda bwanji?"

"Wogulayo waiunika ndi galasi, akuti ndi yeniyeni. Koma amati ndikavomera kuti agogo anachita kulanda atamupha, andipatsa ndalama zochulukirapo."

"Mwavomera?"

"Ayi. Ndatenga zochepazo, ngakhale lendi ikundidikira."

"Komatu mwaluza, bambo."

"Ine ndimagulitsa chitsulo, mayi. Agogo angawo sali pamalonda."